Madzulo Amene Ndinadya kwa Amake Saidi

Shikabeta,
Pa Sondo, 14 Januwale 1996.

Vero mwana wanga,

Lero titachoka ku mapemphero tinakhala pansi pa mango anthu anayi: ine, iwe, bamalume ako ba Lazaro ochokera ku Chinyunyu, ndi atate ako aakazi ba Sesiliya. Nkhani inali imodzi: mawa ukatsika minibasi ya bamalume ako mu Lusaka, udzalowa nyumba iti pa miyezi khumi ya sukulu yako ya kutaipa. Ine ndinati kwa amake Saidi ku Chawama. Bamalume ako anati kwa abusa awo ku Mtendere.

Mawu a bamalume ako unawamva. "Amake Vero, mwapenga? Mwana wobatizidwa mum'pereke kwa Asilamu, patatsala sabata imodzi chabe kuti ayambe kusala kwawo? Akam'goneka ndi njala, akam'funditsa nsalu kumutu, pobwera kuno adzakhala Amina! Ati chipinda chaulere. Ine msewu uwu ndimauyenda tsiku ndi tsiku, chaulere mu Lusaka sindinachionepo, ngakhale mpweya wa mu tayala."

Ndipo iwe unandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Amama, nanga amake Saidi ndi ndani kwa ife?" Ine ndinangoyang'ana pansi. Ukundidziwa, mawu anga satuluka pamene anthu akukweza mawu. Koma china n'chakuti yankho lake lili ndi manyazi anga mkati, ndipo ndawabisa zaka zinayi. Tsopano iwe wapita kukatsanzika anzako, dzuwa likadalipo, ndatsegula buku langa la mapemphero kumapeto kumene ndimalemba masiku. Sukulu yanga inathera Sitandade 4, koma tsiku sindilitaya. Werenga bwino usanasankhe.

Chaka cha chilala, 1992, iwe unali Giredi 9 ku sukulu yogonera komweko. Loweruka pa 29 Febuluwale atate ako anakwera mtengo kufuna uchi, chifukwa chimanga chinali chitapsa m'munda chisanabereke. Nthambi inathyoka, nawonso anathyoka ntchafu. Tinawanyamula pa machila, tinafika kuchipatala cha mishoni ku Mpanshya Lolemba pa 2 Malichi. Anawamangirira mwendo ku chitsulo cholemera, akuti agone chagada masabata asanu ndi limodzi. Odwala ankadyetsedwa ndi chipatala, koma ife owadikira tinkadziphikira tokha kukanyumba kathu kuseri. Ine ndinali ndi ufa wosadzaza kabeseni, ndi mphika umodzi wadothi.

Lachitatu la Phulusa, pa 4 Malichi, ndikuchokera ku Misa, mayi wina wamfupi wofunda nsalu mpaka m'mapewa anandiimitsa. Ananyowetsa nsonga ya chitenje chake ndi malovu. "Amayi, taimani, muli ndi mwaye pamphumi, anthu angakusekeni." Ndinagwira dzanja lawo, ndinati ai, ili ndi phulusa la kutchalitchi. "Phulusa lili mbwee pamafuwa pano, inu mwakalitenga kutchalitchi?" Tinaseka mpaka ndinakhala pansi. Amenewo ndiwo amake Saidi, dzina lawo Asiyatu. Amuna awo, bambo Amidu, anali dalaivala wa lole. Lole inagubuduzika kumapiri, msana unathyoka, miyendo inafa. Bedi lawo linali loyandikana ndi la atate ako. Ndayamba ndi nkhani iyi kuti udziwe kuti naonso sankadziwa zathu. Kusadziwa si mlandu, mwana wanga. Mlandu ndi zimene ndinachita ine pambuyo pake.

Kulakwa kwanga koyamba kunali Loweruka pa 7 Malichi. Ndinaona kuti masiku awiri amake Saidi sanakoleze moto masana. Ndinati mnzanga chakudya cham'thera. Ndinaphika phala ndi ufa wanga wochepa uja, ndinaligawa m'mbale ziwiri, ndinagwada n'kupereka. Iwo anati, "Zikomo amayi, koma mwezi uno sindidya dzuwa lili kumwamba. Sungani, mudye ndinu." Ananena mofatsa, koma ine magazi anakwera. Kwathu kuno ukudziwa, wokana mbale yako ndiye kuti akukuganizira kuti wathiramo kanthu. Sindinafunse chifukwa. Ndinapita kumjigo n'kuuza azimayi kuti Msilamu uja amanyansidwa ndi mbale zathu, ndiponso amabisa chakudya kuti azidya yekha kukada. Masiku atatu palibe amene anawapatsa moni. Vero, usamanene munthu kumjigo usanam'funse pakhomo pake. Funso ndi lalifupi, koma mabodza anga anayenda chipatala chonse.

Amene anandiwongola ndi atate ako, chifukwa iwo ndi bambo Amidu ankangokhalira kunyogodolana, poti onse sakanatha kuthawa. Ndinawapeza akutsutsana. Bambo Amidu akuti, "Inu Akatolika kusala kwanu n'kotani? Ati tasiya nyama Lachisanu. Nanga Lachinayi nyamayo munaiona?" Atate ako akuti, "Nanga inu? Masana pakamwa tseke, usiku kudya kawiri. Kumeneko n'kusunga, si kusala." Bambo Amidu anaseka mpaka msana unawapweteka. "Mulamu, mudzayese tsiku limodzi. Kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, ngakhale dontho la madzi. Akazi anga akuchapa nsalu zanga ndi dzuwa ili kukhosi kuli gwa. Ine ndiye ndalephera chaka chino, mankhwala sandilola." Pamenepo ndinamva kuti mwezi wawo wa Ramadani unayamba Lachisanu pa 6, tsiku lomwelo la Lachisanu loyamba la Lenti yathu. Iwo kusala amati kumanga, kudya kwa madzulo amati kumasula. Ndinatuluka m'wodimo.

Ufa wanga unatha Lolemba pa 9. Sindinauze munthu, ngakhale atate ako. Lachiwiri pa 10 ndinakhala kuseri kwa kanyumba, ndikuchita ngati ndikusoka. Dzuwa litagwira phiri ndinamva, "Amake Vero, bwerani mundithandize kumasula. Ndikadya ndekha sichitsika." Ndinapita ngati mbuzi yokokedwa. Anayamba ndi madzi, pang'onopang'ono, maso ali otseka. Kenaka anavundukula mpunga ndi nyemba, ndi tiyi wa shuga, zimene madalaivala anzawo a bambo Amidu ankawasiyira podutsa. Ndinadya mutu uli pansi. Nditakhuta ndinati, "Amake Saidi, ine ndinakunenani kumjigo." Iwo anati, "Ndinamva. Mjigo suli patali. Onjezerani nyemba."

Kuyambira tsiku limenelo mpaka Loweruka pa 4 Epulo, madzulo alionse ndinadya pa mphasa yawo. Ndinalemba kamzere tsiku lililonse. Timizereto ndi 26, ndikutiona pano.

Mwana wanga, chinali chaka choipa, koma madzulo amenewo ndimawasowa kuposa zaka zina zokolola. Ine ndinkavala wotchi ya atate ako, ndiye ntchito yanga inali yowauza kuti kwatsala mphindi zingati. Iwo sankaikhulupirira. Ankati, "Wotchi yanu ndi Yachikatolika, imafulumira. Tidikire dzuwa." Tinkakhala chete kuyang'ana phiri, mbale zili zovundikira, mbalame zikubwerera. Milomo yawo inali yong'aluka, koma nthawi imeneyo nkhope yawo inkakhala ngati ya munthu amene akudikira mlendo wokondedwa. Ine ndinkalemba chizindikiro cha mtanda, iwo ankatchula mawu awo, ndipo palibe amene ankadikira kuti mnzake asinthe. Lachisanu lililonse ndiwo ankandithamangitsa: "Belu lanu lalira, nyamukani ku Njira ya Mtanda. Amuna anu ndiwayang'anira, sathawa." Bamalume ako akuopa kuti udzaiwala tchalitchi. Ine m'moyo wanga wonse Lenti imene sindinaphonye ngakhale Lachisanu limodzi ndi imeneyo, ndipo wondikumbutsa anali Msilamu.

Kulakwa kwachiwiri kunali pa Sondo, 22 Malichi. Ba Sesiliya anabwera kudzazonda mlongo wawo, anabweretsa nyama youma ya nguluwe. Ndinakondwa kuti lero nanenso ndidyetsa mnzanga. Mphika wanga unali utang'aluka, ndiye ndinatenga poto ya amake Saidi, imodzi yokhayo imene anali nayo, iwo ali ku wodi. Atabwera ananunkhiza n'kufunsa kuti ndi nyama yanji. Nditatchula, anakhala pansi. Sanakalipe. Anangoti, "Pakulani, mukapatse amuna anu. Mukatha mundibwerekeko ndowa yanu." Potoyo anaitsuka kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi, monga chimanenera chipembedzo chawo. Madzi anali a pamzere, chaka cha chilala, munthu wosamwa kanthu chiyambire m'bandakucha. Ndinatunga maulendo atatu ndikulira. Tsiku limenelo anamasula ndi madzi okha, mpunga unapsa mochedwa. Ndiye Vero, m'nyumba imeneyo usalowetse nkhumba, kaya yakuthengo kaya yapakhomo, kaya soseji imene sukudziwa chimene aikamo. Usalowetse mowa. Nkhuku usaphe wekha, apatse iwo aone wozinga. Mtima wabwino wosafunsa unamwetsa mnzanga madzi okha. Funsa, mwana wanga. Funsa ngakhale uoneke wopusa.

Kulakwa kwachitatu ndiko kumene ndakubisira. Pa Sondo, 5 Epulo, linali tsiku la chikondwerero chawo, mwezi utaoneka. Amake Saidi anaveka amuna awo mkanjo woyera ali chigonere, anagawira wodi yonse mpunga wa nyama ya mbuzi. Bambo Amidu anandiitana pafupi ndi bedi, anthu onse akumva. "Amake Vero, Mulungu akudalitseni. Mwandinyamulira masiku 26." Ndinafunsa kuti masiku anji. Anati, "Kwathu munthu amene sadzathanso kumanga, ngati ine, tsiku lililonse limene waphonya amadyetsa wosauka mmodzi. Mukanakana kudya, ine ndikanatsala ndi mtolo."

Wosauka! Pamaso pa wodi yonse. Ine mwana wa mlimi, amene nkhokwe ya atate anga inkadyetsa mudzi. Ndinaika mbale pansi osalawa. Ndinauza amake Saidi kuti, "Kani sindinali mnzanu? Ndinali wopemphapempha wanu wolipirira machimo?" Ndinatuluka. Pa tsiku la chimwemwe chawo, mwana wanga, ndinawasiya ataima ndi chipande m'manja.

Masana atate ako anandiitanitsa. Sanandikalipire, sanali otero. Anati, "Amake Vero, wadya masiku 26 uli wosauka, lero lokha ndiye walemera? Ufa uli kuti? Tandionetsa." Anati, "Ine ndagona pano mwezi, mkazi wa mwini akunditayira mtsuko wa mikodzo iwe uli kutchalitchi. Amenewonso analipira machimo? Pita."

Amake Saidi ndinawapeza kuseri akutsuka mbale. Mbale yanga anali ataivundikira pambali. Ndisanatsegule pakamwa anati, "Khalani pansi, ndikuuzeni. Lamulo linati ndidyetse wanjala. Silinati ndikhale naye pa mphasa imodzi. Masiku anayi oyamba ndinkangotumiza mbale kwa agogo ena akhungu, n'kubwerako. Ena kwathu akanati ndikafune Msilamu mnzanga, koma wanjala amene Mulungu anandiikira pafupi munali inu. Mpunga unali wa lamulo. Mphasa inali yanga. Ndipo chaka chino ndani si wosauka? Ine amuna anga sadzayendanso." Ndinadya mpunga wozizira uja, misozi ikugweramo. Vero, kulandira n'kovuta kuposa kupereka. Ukadzakhala m'nyumba ya munthu osalipira, kunyada kudzakunong'oneza kuti akukuyesa kapolo kapena wopempha. Kunandinong'oneza ine. Usakumvere.

Atate ako anatuluka pa 13 Epulo. Bambo Amidu anawasamutsira ku Lusaka, anamwalira chaka chotsatira mu Meyi. Ndipo ine, wosamva, ndinalakwa kachinayi. Mu Juni 1993 titakolola bwino ndinatumiza thumba la chimanga ndi debe la nsawa pa minibasi ya bamalume ako, ndi kakalata konena kuti ndabweza zimene ndinadya. Bamalume ako amakumbukira thumba limenelo chifukwa analinyamula kawiri, kupita ndi kubwera, ndipo mpaka lero amati anthu aja ndi onyada. Sakudziwa zimene zinali m'kalata imene Saidi analembera amake. Inati: "Nsawa ndalandira, chifukwa ndi mphatso. Chimanga ndabweza, chifukwa mwati ndi malipiro. Mukabweza chakudya chija, masiku a amuna anga atsala osalipidwa. Mukufuna akaime pamaso pa Mulungu ndi mtolo umene munawatula kale? Mukafuna kundikondweretsa, mudzabwere mwezi wa kumanga mudzandiphikire. Wodyetsa womanga ali ndi mphotho yakeyake."

Atate ako atatisiya mu Ogasiti 1994, unaona mayi wamfupi amene anagona nafe pansi masiku atatu, amene ankatuluka mwakachetechete kukapemphera kuseri kwa nkhokwe. Unandifunsa, ndinangoti ndi mnzanga wa kuchipatala. Anayenda kuchokera pa msewu waukulu ndi mapazi.

Chaka chatha mu Januwale amake Saidi anadwala matenda ofa ziwalo, dzanja lamanja silinabwerere. Saidi ndi dalaivala ngati atate ake, amakhala pa msewu masabata. Pamene ndinakuuza kuti ndapita ku Lusaka kukaonetsa maso, maso ndinaonetsadi tsiku limodzi, koma ndinakhala ku Chawama kuyambira pa 11 mpaka pa 19 Febuluwale, mkati mwa mwezi wawo. Amamangabe, ndi dzanja limodzi lomwelo. Ndinawaphikira madzulo 9. Ndikanakhalitsa, koma udzu unali utadya munda. Tsiku lonyamuka ndi pamene anati, "Mwana wanu akadzafuna sukulu mu tauni, chipinda cha Saidi chili chabe. Asakagone kwa alendo ine ndili moyo."

Tsopano tamvera, ngati udzapite kumeneko. Kumanga kuyamba mwezi ukaoneka, mwina Lolemba pa 22. Iwe sukumanga, ndipo usanamizire kuti ukumanga. Adzakukakamiza kudya m'mawa usanapite ku sukulu, ndipo udye, chifukwa ukakana udzawapweteka monga ndinapwetekedwera ine ndi phala lija. Koma usatafune chimanga chootcha pamaso pawo masana, lowa nacho kuchipinda. Pamene dzuwa likupendeka munthu womanga amatopa, mawu amachepa. Usati akwiya nawe. Ukaweruka usachedwe m'tauni. Kumasula sikudikira munthu: madzi akhale pafupi ndi dzanja lawo lamanzere dzuwa lisanalowe, tiyi akhale wotentha. Amakonda mbatata yothira nsinjiro, mchere pang'ono. Nsinjiro ndakuikira m'chitini cha buluu. M'bandakucha amadzuka kudya chakudya chimene amati daku. Ukamva mbale zikugwa, dzuka uwathandize, tulo udzabwezera Loweruka. Akayala kamkeka kawo kupemphera usadutse kutsogolo, ndipo wailesi utseke.

Korona yako upachike poonekera, usaibise ngati wakuba. Pa Sondo upite ku Misa. Ukadzagonereza, udzaona wokudzutsa. Akakufunsa za chikhulupiriro chathu uyankhe zimene ukudziwa, zimene sukudziwa unene kuti sindidziwa. Usakangane nawo za Mulungu. Ine ndi iwo sitigwirizana pa za Yesu, tinauzana poyera tsiku lina, kenaka tinatsuka mbale. Ndayang'ana pa kalendala ya parishi: Phulusa chaka chino ndi pa 21 Febuluwale, ndipo chikondwerero chawo chidzagwa pa 20 kapena pa 21 pomwepo. Iwo akamamasula, ife tikumanga. Ukadzabwera ndi phulusa pamphumi, uwauze kuti amama akuti musapukute.

Bamalume ako usawanyoze. Amakukonda, ndipo mantha awo ndi omwe ndinali nawo ine kumjigo kuja. Abusa awo ndi anthu abwino, ukasankha ku Mtendere sudzagona ndi njala, ndipo ine sindidzakutemberera. Wakula, mawa pa siteshoni pakamwa ndi pako. Ine sindinathe kulankhula pansi pa mango, ndiye ndalankhula pano. Ukafuna, uwawerengere kalatayi muli pa msewu. Manyazi anga ndatopa nawo kuwasunga.

Chimodzi chokha usachite. Usakatchule kwa amake Saidi mawu oti ngongole, kapena kuwauza kuti ndimawerenga masiku. Kwa iwo nkhani ija inatha pa 5 Epulo 1992, ndipo akunena zoona: za bambo Amidu zinalipidwa, sindingazikhudze. Mpunga unali wa lamulo. Chimene ndimawerenga ine ndi mphasa, madzulo amene munthu anakhala nane pamene ndinali nditam'nena. Miyendo yanga yayamba kutupa, munda ulibe wina, ndipo sindikudziwa ngati ndidzakhalenso ku Chawama mwezi wa kumanga iwo ndi ine tili moyo. Manja amene ndingatume ndi ako.

Ndinadya madzulo 26. Ndaphika madzulo 9. Otsala ndi 17.

Ndine amako,
Terezia.